Ng'ona ya Padziwe ndi Madzi Othirira Chamba cha Amuna Anga

Anzanga, nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mukaimva muti mayi uyu wangoipeka kuti atiopseze tilape. Ayi ndithu. Ine ndine munthu wopemphera, ndimadziwa kumene abodza adzathere, ndipo pa msinkhu ndafikawu sindingagulitse moyo wanga chifukwa cha nkhani yokoma. Zonsezi zinandichitikira ine mwini, masana dzuwa lili paliwombo, ndili maso. Mayina okha ndiwo sinditchula, chifukwa anthu ake akali moyo, ndipo mmodzi wa iwo ndimagawana naye mphasa mpaka lero.

Ine kwathu ndi kumtunda, cha ku Chipata uko, kumene madzi timatunga pachitsime chokumba, ndipo chilombo choopsa chimene ndinakula ndikuchidziwa ndi galu wachiwewe basi. Kuno kuchigwa, ku Nsefu, kufupi ndi mtsinje wa Lupande, ndinabwera chifukwa cha ukwati. Amuna anga ndi Mkunda weniweni, wobadwira m'mbali mwa madzi, ndipo zaka zambiri anagwira ntchito yolima ndiwo ndi maluwa pa loji ina ya alendo odzaona nyama cha ku Chinzombo. Munthu wofatsa ngati ameneyu sindinamuonepo. Sakuwa, samwa, fodya sanamuyikepo pakamwa chibadwire, koma akagwira mbewu mumachita kudabwa. Amayankhula nazo ngati ana, kuzifunsa kuti zagona bwanji, ndipo ine ndinkawaseka kuti tsiku lina tomato adzawayankha adzathawa okha.

Atapuma pantchito ija ndi pamene nyamakazi inandigwira maondo. Kukiliniki ndinapita, mapilitsi ndinamwa, koma ululu unkangochoka m'mawa n'kubwerera madzulo ngati mlendo wopanda manyazi. Kulima ndinkalimba nako mtima, kuyenda ndinkayenda pang'onopang'ono, koma chimene chinandiswa mtima n'chakuti ndinasiya kugwada m'kachisi. Anzanga onse gwadee, ine khale pabenchi ngati mlendo wa Mulungu. Tsiku lina tikuchokera kumapemphero ndinalira panjira, ndipo amuna anga anangonditengera chikwama n'kumayenda pambuyo panga. Ndikanadziwa zimene ankaganiza m'mutu mwawo tsiku limenelo, bwenzi nditameza misoziyo.

Patapita masabata angapo ndinaona akwera padenga la kachipinda kathu kosungiramo thonje ndi matumba a chimanga, achotsa lata limodzi, aikapo lina lija loonekera kuwala. Nditafunsa anati akufuna makoswe asamabisale mumdima. Kenaka munalowa ndowa zinayi zakale, zodzaza dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe zouma za njovu zimene ankatola m'njira za kumunda. Mutamera timbewu anandiuza kuti ndi therere lachizungu limene anapatsidwa ndi mnzawo wa kuloji, ndipo silifuna mphepo. Ine n'kukhulupirira! Kodi mwana wa mkulu wa mpingo ngati ine, chamba ndikanachionera kuti chili chaching'ono? Ndinafika mpaka powafunsa kuti tidzayamba liti kuthyola, ndiphikire alendo.

Linandiululira ndi fungo. Tsiku lina ndinalowa kukatapa chimanga, ndipo mpweya umene unandilandira unali uja umamveka kuseri kwa msika kumene anyamata osamva amabisala. Nditawaitana sanakane, anakhala pansi pakhomo penipeni ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika, n'kufotokoza kuti mnzawo uja anawauza kuti kwawo kwa alendo ena zimenezi amapangira mankhwala opaka pa mafupa owawa. Anati sakanatha kukagula kwa anyamata, chifukwa sadziwa chimene amathirako, ndiye anaganiza zolima okha choyera, chopanda feteleza kapena mankhwala a thonje, kuti chimene chidzakhudze thupi langa akhale akuchidziwa kuyambira kunjere. Ndinawauza kuti boma limamanga, ndipo mpingo ukamva tidzayenda chowerama. Iwo anayankha kuti ndende angaigone ndi mtima woyera ngati atamva kuti mayi wa ana awo wagwadanso pamaso pa Mlengi wake.

Tsono inu amayi anzanga, mwamuna akakuyankhani choncho mumati chiyani? Ndinadziwa kuti n'kulakwa. M'Malemba ndinkawerenga za uja anakwirira zofunkha pansi pa hema wake n'kugwetsera mtundu wonse m'tsoka, ndi za banja lija linapangana kubisa gawo la mtengo wa munda mpaka onse awiri anatulutsidwa ali mitembo tsiku limodzi. Ndinkawerenga, kutseka buku, n'kukatseka bwinobwino chitseko cha kachipinda kaja kuti wodutsa asanunkhize. Sindinavomere ndi pakamwa, komanso sindinazule, ndipo kukhala chete kwangako kunali kuvomera ndithu.

Vuto linadza ndi madzi. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti madzi a pamjigo wathu ndi amchere, ketulo imachita kuyera m'kati ngati yapakidwa laimu. Nthawi ya dzinja amuna anga ankakinga madzi a mvula mu diramu, ndipo mbewu zawozo zinkasangalala. Diramu itauma anayamba kuthirira a pamjigo, ndipo posakhalitsa masamba anayamba chikasu, nsonga zake kupsa. Munthu uja anakhala ndi nkhope ya pamaliro. Anayesa madzi a m'zitsime zija amayi amafukula mumchenga wa Lupande mtsinje ukaphwa, koma atawanunkhiza anati muli sopo wa ochapa. Mapeto ake anapeza dziwe lina lakuya kumunsi kwa mtsinje, pansi pa mkuyu waukulu, kumene madzi saphwa ngakhale mwezi wa Okutobala, ndipo kulibe wochapa kapena wosamba. Madzi amenewo ankawalawa ndi lilime, kuwasiya adikhe, kenaka n'kumathirira ndi kapu pang'onopang'ono. Ndinkawanyogodola kuti ine mkazi wa pa ukwati woyera ndikumwa mchere wa pamjigo, pamene akazi awo anayi a m'chipindamo akumwa zabwino, ndipo iwo ankangoseka n'kunena kuti nsanje siyenera mayi wa kwaya.

Apa mundimvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ndili mtengwa watsopano, amuna anga omwewa ndi amene anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa malamulo a mtsinje. Anati ng'ona si nyama yopupuluma, imawerenga masiku a munthu. Ikakuona lero pamalo, mawa pomwepo, mkuja pomwepo pa nthawi yomweyo, imabwera pafupi n'kumira, n'kumadikira ngakhale sabata yathunthu. N'chifukwa chake anthu a kuno satunga pamalo amodzi kawirikawiri, sapita okha, ndipo amasinthasintha nthawi. Mwana aliyense wa Chikunda amazidziwa zimenezi. Koma chinsinsi chinawaphwanyitsa malamulo awo omwe. Akanapita ndi mnzawo, akanafunsidwa kuti bwanji mukudutsa mjigo uli pakhomo n'kukatunga kutali chonchi? Akanapita m'mawa kapena madzulo akanakumana ndi asodzi. Ndiye ankapita okha, cha m'ma 12 koloko, pamene dzuwa la kuchigwa kuno limagoneka aliyense pansi pa mtengo, tsiku lililonse lachiwiri, pansi pa mkuyu womwewo. Chenjezo lokha limene anasunga linali lakuti sankatsikira m'madzi. Anadula chigubu pamwamba, n'kumangako chingwe chachitali, n'kumaponya ali pamtunda.

Mwezi wotentha uja uli pakati, malungo anawagwetsa. Masiku atatu ali gone, thupi ngati mbaula, ndipo m'kubwebweta kwawo sankatchula ine kapena ana athu amene ali kutauni, ankangoti zafota, zafota. Ndinasuzumira m'kachipinda muja ndipo ndinapezadi masamba ali lende ngati makutu a mbuzi yodwala. Mumtima ndinati zikomo Ambuye, mwayankha, zife zokha popanda ine kukangana ndi mwamuna wanga. Koma tsiku lachitatulo ndikuchokera kuseri ndinawapeza agwa pakhomo, chigubu chili m'manja, akuti apite kumtsinje. Ndinawadzutsa, kuwabweza pamphasa, kuwapukuta thukuta, ndipo ndinaona misozi m'maso mwa munthu wamkulu. Anati miyezi yonseyi avutikira maondo anga, ndipo tsopano zatsala pang'ono kukhwima zikufa iwo akuona. Ndinawauza kuti agone, Mulungu adziwa. Atangotseka maso ndinatenga chigubu cha chingwe chija ndi china cha malita twente, ndinamangirira panjinga, n'kuyamba kuikankha, chifukwa kupalasa maondo sakanalola.

Taonani mmene mdani amagwirira ntchito. Sanandinyenge ndi ndalama kapena chilakolako ayi, anandigwira ndi chifundo. Ndipo ndinapita nthawi yanji? Yomweyo ya amuna anga, pakuti nanenso sindinkafuna kufunsidwa.

Malowo sanandivute kupeza, kanjira kawo kanali katapondeka mpaka pansi pa mkuyu. Kunali zii, nyenje zokha zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Dziwe linali bata, lobiriwira, losagwedezeka ngakhale pang'ono. Pambuyo pake ndi pamene ndinakumbukira kuti panalibe mbalame ngakhale imodzi m'mphepete mwake, ngakhale anyani amene sasowa pamkuyu, koma nthawi imeneyo ndinangoti ndi kutentha. Ndinayang'ana uku ndi uku, osaona mphuno kapena diso, ndipo ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya kuti ndilimbe mtima.

Kenaka ndinachita chinthu chimene mkazi wobadwira kuno sangachite ngakhale ataledzera. Kwathu kumtunda, mtsikana akamaphunzira kutunga pachitsime, chinthu choyamba chimene amayi ake amamuuza n'chakuti akulunge chingwe padzanja, kuti ndowa ingapulumuke n'kugwera pansi. Ine ndinakwapulidwapo chifukwa chogwetsera ndowa m'chitsime, ndipo kuyambira pamenepo manja anga amachita okha osandifunsa. Ndinakulunga chingwe chija katatu pamkono wamanja, n'kuponya.

Ulendo woyamba chinadzaza bwino, ndinakoka, ndinathira m'chigubu chachikulu. Ulendo wachiwiri chinakodwa m'matope a m'mphepete, ndipo ndinatsika mapazi awiri okha kuti ndichikoke bwino. Awiri okha, anzanga. Nditawerama kuti ndichinyamule, madzi anang'ambika. Sindinamve phokoso poyamba, ndinangoona kukamwa kwachikasu kutayasama patsogolo panga, kwakukulu kuposa chitseko cha uvuni, ndi fungo la nyama yovunda. Inkafuna ine, koma chigubu chinali pakati pathu, ndipo mano aja anatsekera pa pulasitiki kuti khwaa! Isanathe sekondi inabwerera m'madzi, chingwe chinakungika, ndipo ndinagwa chafufumimba n'kuyamba kukokedwa pamatope ngati thumba.

Dzanja lamanzere linagwira muzu wa mkuyu, sindikudziwa kuti linaupeza bwanji. Lamanja linali litalowa kale m'madzi mpaka paphewa. Chilombo chija chinayamba kugubuduka mmene zimachitira zikagwira nyama, ndipo chikagubuduka chingwe chinkapotana n'kumalowa m'mnofu, moti ngakhale ndikanafuna kumasula sindikanatha. Ndinamva fupa la pamkono likuti thyo. Chinatulutsa mutu kamodzi, pafupi moti ndikanachikhudza, ndipo diso lake linandiyang'ana mopanda mkwiyo uliwonse, ngati mmene ine ndimayang'anira nkhuku ndisanaiphe. Ine amene ndimatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi, amene ndimatha kupemphera mpaka anzanga kutopa, pamenepo mawu onse anandithawa. Linatsala dzina la Ambuye lokha, ndipo ndinkangolibwereza, madzi ndi matope zikulowa m'kamwa. Ndinakumbukira mneneri uja anathawa ntchito yake n'kukamezedwa m'nyanja, ndipo ndinati iye anali ndi masiku atatu olapira m'mimba mwa chinsomba, ine ndilibe ngakhale mphindi. Zala zinayamba kutsetsereka pamuzu, chimodzichimodzi.

Pamenepo china chake cholemera chinandigwera pamiyendo, ndipo ndinati yachiwiri yabwera, kwatha. Koma chinali chotentha ngati moto. Anali amuna anga, opanda nsapato, opanda malaya, akunjenjemera ndi malungo, chikwanje chili m'manja. Anandigonera pamsana kuti ndisapitirire, n'kutambasula dzanja kutema chingwe. Koyamba anaphonya, chifukwa chingwe chinali m'madzi. Kachiwiri anangochipala. Kachitatu chinaduka, ndipo tonse awiri tinagwera chagada. Anandikoka ndi chitenje mpaka pamtunda, kutali ndi madzi, ndipo titacheuka dziwe lija linali bata ngati poyamba, ngati palibe chachitika.

Anandiuza pambuyo pake kuti anadzidzimuka kutulo, anaona pamsomali palibe chigubu, panja palibe njinga, ndipo anangotola chikwanje n'kuthamanga. Ulendo wawo womaliza asanadwale anali ataona mkwasa wa mimba ndi mchira wa ng'ona pamatope pansi pa mkuyu uja, ndipo anadziwa kuti yayamba kuwawerengera masiku. Sanauze munthu. Akanauza ndani, popanda kufotokoza chimene ankakachita kumeneko? Mtunda umene ine ndinayenda pafupifupi ola, iwo anauthamanga ndi malungo a masiku atatu. Inu mukhoza kunena kuti ndi mphamvu ya mantha, koma ine ndikudziwa amene anawadzutsa ndi amene anawagwira miyendo.

Tili gone pamchenga paja, anayamba kundikalipira m'Chikunda chakuya chimene theka lake sindinamve, kwinaku akulira ndi kundisisita kumutu, akuti ndi munthu wanji amamanga chingwe padzanja pamtsinje. Inenso ndinkawakalipira kuti ndi munthu wanji amayenda padzuwa lotere opanda chipewa ali ndi malungo. Kenaka anakomoka. Anatipeza ndi asodzi awiri ochokera kumtsinje wa Luangwa, ndipo wamkuluyo, poona mayi wamatope thupi lonse, dzanja likuchucha magazi, mwamuna ali kwala pambali, anangondifunsa mwaulemu kuti mwaswera bwanji amayi. Mpaka lero tikakumana naye timaseka.

Kukiliniki anandimanga mkono n'kusoka pamene chingwe chinadya, amuna anga anawaika diripu. Namwino anafunsa kuti mayi wokhala pafupi ndi mjigo amakatani kudziwe limenelo masana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndimakachapa, ndipo ndinazindikira kuti munthu amene wangolanditsidwa kukamwa kwa imfa, mawu ake oyamba akufuna akhale bodza. Zimenezo zinandiopsa pafupifupi ngati ng'ona ija. Ndinatseka pakamwa. Amuna anga ali pabedi linalo anangoti ndi iwo anandituma, ndi uchitsiru wawo.

Titabwerera kunyumba, asanapeze n'komwe mphamvu, anatulutsa ndowa zinayi zija masanasana, anazula zonse, n'kuzitentha kumunda pamodzi ndi mapesi a thonje. Ine sindinawauze. Anandiuza kuti ndiime kumene mphepo ikuchokera, kuopa kuti ndingayambe kuimba nyimbo za kwaya masiku atatu osapuma, koma ndinaona kuti akuseka ndi pakamwa pokha. Ngakhale tsamba limodzi silinakhudze maondo anga.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma iwo sankapeza mtendere. Anati ng'ona ija aiphunzitsa ndi iwo kudikira munthu pansi pa mkuyu uja, ndipo ikadali pomwepo. Madzi anali kuphwa, ndipo pasanathe sabata amayi a m'mudzi akanayamba kupita kumaiwe otsala kukagwira nsomba ndi mono ndi madengu, monga amachitira chaka chilichonse mvula isanagwe. Ndinati tingonena kuti taonako ng'ona basi. Iwo anati kuno aliyense waonapo ng'ona, ndipo mawu otero sabweza munthu, koma akamva kuti yazolowetsedwa kudikira munthu miyezi itatu ndi pamene adzaopa, ndipo akamva zimenezo adzafunsa chifukwa chake.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, amuna anga, munthu wamanyazi amene sanayankhulepo kutsogolo kwa mpingo chikwatirane, anaimirira n'kunena zonse, kuyambira lata la padenga mpaka chikwanje. Anati asapezeke wopita kudziwe la pamkuyu chaka chimenecho. Za ine anangoti ndinapita chifukwa cha chifundo, koma ndinaimirira ndi mkono wanga womangidwawo n'kunena kuti ndinkadziwa kuyambira kale ndipo chitseko ndinkatseka ndine. Akulu a mpingo anatiika pamwambo, miyezi isanu ndi umodzi pabenchi yakumbuyo, osalandira mgonero. Ena anatiseka, ena anasiya kutipatsa moni kwa kanthawi. Koma ndikuuzeni zoona, pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawanyadirepo amuna anga ngati mmene ndinkachitira titakhala awiri pabenchi imeneyo. Ndipo chaka chimenecho palibe anapita kudziwe lija, palibe amene tinamulira.

Amayi ena a kumpingo amati chamba chili ndi chiwanda ndipo ndicho chinaitana ng'ona. Ine sindinganene zimene sindikuzidziwa, ndipo ngati muli mankhwala m'menemo kapena mulibe, zimenezo ndasiyira madokotala ndi a boma. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti ng'ona ija inaitanidwa ndi kubisa kwathu. Chinthu chobisika chimamuyendetsa munthu yekha, pa nthawi imene anzake sayenda, panjira imodzimodzi, ndipo akaona choopsa sangathe kukuwa chifukwa kukuwako kumuulula. Ndikukhulupiriranso kuti chikondi chenicheni chingathe kulowetsa banja m'dzenje ngati mwamuna ndi mkazi akuopa kukhumudwitsana kuposa mmene akuopera Mulungu.

Tsono inu amene muli ndi kachipinda kotseka m'nyumba mwanu, kaya muli mbewu ngati zathu zija kaya muli china, tsegulani lero mukadali ndi manja onse awiri. Ndipo mayi mnzanga, mwamuna wako akalakwa chifukwa chokukonda, muthokoze chifukwa cha chikondicho, koma cholakwacho umuuze tsiku lomwelo, usadikire kuti chife chokha. Ine wondidulira chingwe anadzuka pa nthawi yake. Wanu simukudziwa ngati adzadzuke.